Mnzathu woimba naye akatisiya, nyimbo zithere pomwepo?

Tikamayendera makalabu a achinyamata muno mu Lilongwe, kuyambira ku Old Town, City Centre mpaka ku Area 10 ndi Area 43, timapeza kuti makalabu ambiri ali ndi kwaya kapena kabandi. Timapezanso magulu ena amene anasiya kukumana. Tikafunsa chifukwa, yankho limakhala lakuti: amene ankatsogolera nyimbo anamwalira, ndiye mphamvu zinatithera. Gitala ili pakona, yadzaza fumbi.

Achinyamata anzathu, ululu umenewu si wachilendo. Ngakhale oimba otchuka unawagwera.

Zimene zinagwera Black Missionaries

Pa 27 November 2001, Evison Matafale, katswiri wa nyimbo za rege wochokera ku Chileka m'boma la Blantyre, anamwalira muno mu Lilongwe ali m'manja mwa apolisi. Anali ndi zaka 32 zokha. Anamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma la nthawi imeneyo. Anasiya zimbale ziwiri, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, ndipo nyimbo yake ya Watsetsereka inali pakamwa pa aliyense.

Dziko linataya woimba. Koma anyamata a gulu lake la Black Missionaries anataya mbale, mnzawo komanso mtsogoleri nthawi imodzi, popeza Matafale anali pachibale ndi ana a banja la Fumulani amene ankaimba nawo. Taganizani tsiku loyamba limene anakumananso kuti ayeserere nyimbo, malo ake ali opanda munthu!

Anyamatawa sanapachike zida. Musamude Fumulani anatenga utsogoleri, ndipo chimbale chotsatira anachitcha Kuimba 3, kupitiriza pamene mnzawo analekezera. Chaka cha 2007 Musamude nayenso anamwalira, ndipo mu 2008 m'bale wawo wina woimba, Gift Fumulani, anatsatira. Anjiru Fumulani, mng'ono wake wa Musamude, ananyamula udindowo, ndipo zimbale za Kuimba zinapitirira mpaka kudutsa 10.

Chinanso chimene anachita ndi kukhazikitsa mwambo wokumbukira Matafale ku Chileka chaka ndi chaka. Anthu amasonkhana, amamutchula dzina, amaimba nyimbo zake. Sanabise chisoni chawo. Anachipatsa tsiku lake ndi malo ake.

Tiphunzirepo chiyani?

Ambiri a ife timaganiza kuti pali njira ziwiri zokha: kusiya kuimba poopa kuti zingaoneke ngati tamuiwala malemu, kapena kulimba mtima ngati palibe chachitika. Zonsezi zimapweteka. Nkhani ya anyamata a ku Chileka ikutionetsa kuti n'zotheka kulira uku ukupitiriza ntchito imene munayamba limodzi.

Dziwani kuti munthu wofedwa amatha kusowa tulo, kusafuna chakudya, kupsa mtima msanga, ngakhale kudzida kuti mwina akanachitapo kanthu. Izi sizitanthauza kuti wafooka kapena wazungulira mutu. Ndi mmene chisoni chimayendera, ndipo aliyense chimamutengera nthawi yakeyake.

Nazi zina zimene kalabu yanu ingachite:

Kumanani ndithu pa tsiku lanu la masiku onse, ngakhale musaimbe. Kungokhala pamodzi n'kumakumbutsana za mnzanuyo ndi mankhwala.

Anyamata, lirani. Misozi siichotsa uchamuna.

Musathamangire kupeza womulowa m'malo. Gwirizanani nonse nthawi ikakwana, ndipo wolowayo musamuyerekeze ndi malemu.

Ngati anasiya nyimbo yosamaliza, pemphani chilolezo kwa abale ake, muimalize ndi kutchula dzina lake.

Yenderani makolo ake pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Nthawi imeneyi anthu a pamaliro amakhala atabalalika, ndipo m'pamene nyumba imazizira kwambiri.

Chenjerani ndi mowa ndi chamba. Zimagonetsa chisoni usiku umodzi, m'mawa chimadzuka chitakula.

Mukaona mnzanu akudzipatula kwa milungu yambiri, wasiya sukulu kapena ntchito, kapena akulankhula zofuna kudzipha, musachedwe. Musamusiye yekha. Uzani mlangizi wa kalabu, ife azaumoyo a m'dera lanu, kapena mperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.

Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Kulirana kumeneku sikuthera kumanda.

Funso lokambirana ku kalabu sabata ino: kodi pali mnzathu amene anatisiya, yemwe tinaleka kutchula dzina lake? Nanga tingamukumbukire bwanji?