Kukweza galimoto: walira mvula walira matope

Mvula ikagwa mwamphamvu mu Lusaka, misewu ya m'kati mwa Kanyama ndi Chawama imasanduka madambo. Kanyama ndi malo athyathyathya okhala pa thanthwe, ndipo madzi amacedwa kuphwa, monga akulu amene anaona cigumula ca mu 1978 amakumbukira bwino. Ngakhale nchito ya L400 imene inayamba mu 2013 inaika tara pa misewu yambiri ya mu mzindawu, tinjira tina ta mu George, Matero, Mtendere ndi Kalingalinga tikali ndi maenje ndi miyala.

Magalimoto ambiri oyenda m'malo amenewa ndi ogwirapo kale nchito, ocokera ku Japan, olowa m'dziko kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Anapangidwira misewu yosalala, motero ang'onoang'ono monga Toyota Vitz ndi Corolla ali ndi mimba yapafupi ndi nthaka. Mimbayo ikagunda mwala, sampu imabooka, mafuta a injini natayika.

Cifukwa ca ici, eni magalimoto ambiri amapita kwa amakaniko a m'makomboni kukakweza magalimoto ao. Ena amaika maspesa, tizitsulo kapena timphira tolimba tokhala pamwamba pa masipuling'i. Ena amagula masipuling'i atali kapena matayala akulu. Eni ma Hiace ndi ma Canter amaonjezera citsulo cimodzi pa masipuling'i akumbuyo kuti galimoto isakhale pansi ikasenza katundu. Nawonso alimi a ku Petauke, Katete ndi Chipata amene amagula galimoto atagulitsa mbeu zao amacita cimodzimodzi asanabwerere kumudzi.

Phindu lake ndi loonekeratu, pakuti galimoto imadutsa pa mwala ndi pa mahampu osakhula pansi. Koma akale anati walira mvula walira matope.

Vuto loyamba limagwera matayala. Opanga galimoto anayeza kaimidwe ka gudumu lililonse kuti tayala liziponda pansi ndi nkhope yake yonse. Galimoto ikakwezedwa, kaimidwe kameneka kamasintha: gudumu limapendekeka, kapena limayang'ana pang'ono m'kati kapena kunja. Pamenepo tayala limayenda mokhula, ndipo limadyeka mbali imodzi pamene mbali ina ikali yatsopano. Ngati mbali yodyekayo ndi ya m'kati, mwini galimoto sazindikira msanga mpaka mawaya ataonekera. Mankhwala ake ndi kupita ku alayimenti tsiku lomwelo limene galimoto yakwezedwa. Mtengo wa alayimenti ndi wocepa pouyerekeza ndi wa matayala awiri atsopano.

Vuto laciwiri lili pa zitsulo za pansi. Ma CV joint, amene amapereka mphamvu ya injini ku magudumu akutsogolo, amayamba kugwira nchito ali opindika kwambiri. Mphira zao zimang'ambika, girizi imatuluka, mcenga ndi madzi nkulowa. Mashoki akale nawonso amakokeka kufika kumapeto kwao natha msanga, ndipo shoki yakutha imacititsa tayala kudumphadumpha ndi kudyeka mwa zigambazigamba.

Vuto lacitatu ndilo loopsya koposa, cifukwa limakhudza miyoyo. Galimoto yokwezedwa imapendama kwambiri pokhota, ndipo pa makona a Manenekela, mu mseu wa Great East, kupendama kotere kukhoza kuigubuduza. Citsulo coonjezera pa sipuling'i cimabisa kulemera kwa katundu, koma sicipatsa mphamvu mabuleki kapena matayala. Galimoto imaoneka yoongoka pamene matumba a cimanga apitirira muyeso. Matayala akulu amanamizanso wochi ya liwiro, imene imaonetsa liwiro locepa kuposa lenileni.

Nanga waranti, cipangano ca wogulitsa cakuti adzakonza kapena kubweza cinthu cikaonongeka? Waranti imateteza wogula pa zolakwika za ku fakitale. Tayala limene ladyeka mbali imodzi limadziulula lokha kuti vuto linali pa kaimidwe ka gudumu, ndipo wogulitsa kawirikawiri amakana kulibweza. Wogulitsa galimoto yatsopano akhozanso kukana kukonza mwaulere ziwalo zimene zaonongeka cifukwa ca zitsulo zoikidwa kwina. Ndi nzeru kuwerenga pepala la waranti ndi kufunsa wogulitsayo galimoto isanagwiridwe ndi sipanala.

Komabe wogula ali ndi pothawira ngati anamugulitsa cinthu coipa kale. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la mu 2010 limaletsa kugulitsa katundu wolakwika, ndiponso limaletsa zikwangwani za m'masitolo zonena kuti cogulidwa sicibwezedwa. Madandaulo otere amapita ku bungwe la CCPC. Koma mlandu wopanda umboni ndi wovuta, motero lisiti la shoki, sipuling'i kapena tayala liyenera kusungidwa monga cikalata ca munda.

Pogula tayala, makamaka logwirapo kale nchito, pali zizindikiro ziwiri zothandiza. M'mbali mwake muli manambala anai osonyeza sabata ndi caka cimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata la 23 m'caka ca 2019. M'mizere yake muli timizati ta mamilimita 1.6, ndipo tayala likadyeka kufika pa timizatito, nchito yake yatha, ngakhale tsiku la fitinesi ku RTSA lisanakwane.

Kukweza galimoto si colakwa ngati kwacitidwa pang'ono, ndi zitsulo zoyenera mtundu wa galimotoyo, mbali zonse mofanana. Mlimi amene wasunga ndalama za nshawa kwa zaka zingapo kuti agule galimoto afunse makaniko mafunso atatu: akweza masentimita angati, mashoki alipowo akwanira kodi, ndipo alayimenti ikacitikira kuti. Makaniko wodziwa nchito yake sakwiya ndi mafunso otere. Safunsa anadya phula.