Kompyuta yakale ikadali ndi ntchito, bola tiisankhire yoyenera

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kwa zaka 10, ndipo inalangiza anthu kuti asamukire ku Windows 11. Koma Windows 11 siilowa pa kompyuta iliyonse. Imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu okwana 64 GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso pulosesa yatsopanoko, moti makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 amabwezedwa pakhomo pomwe. Makinawa sanapse, sanagwe pansi, sanalowe madzi. Akalamba ndi chilengezo basi. Zinachitikanso chimodzimodzi mu Epulo 2014 pamene Windows XP inasiyidwa, ndi mu Januwale 2020 itakwana nthawi ya Windows 7. Nthawi iliyonse yotere maofesi a ku Ulaya ndi ku America amatulutsa makina ambirimbiri, ndipo ena mwa iwo amakwera sitima n'kudzathera m'sukulu za sekondale, m'maofesi a mipingo ndi m'timashopu tolembera ndi kusindikiza makalata kuno kwathu. Akatswiri okonda Linux amati makina onsewa angathe kudzutsidwa powaikamo pulogalamu yoyendetsa kompyuta yopepuka. Akunena zoona, koma akusiya theka lina la nkhaniyi, ndipo theka losiyidwalo ndi limene limagwetsa ulesi anthu amene anayesa n'kukhumudwa.

Vuto lenileni lili pa RAM, malo amene kompyuta imayalapo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Windows XP itatuluka mu 2001 inkatha kuyaka ndi 64 MB, ngakhale Microsoft inkalangiza 128 MB. Windows 7 inafuna 1 GB. Windows 11 ikufuna 4 GB, komwe ndi kuchulukitsa ka 64 zimene XP inkapempha, chonsecho kalata yofunsira ntchito ikadali tsamba limodzi lomwe lija. RAM ikadzaza, kompyuta imayamba kukankhira zina pa hard disk, yomwe imachedwa kutalitali. Apa ndi pamene kanyali kakutsogolo kamangoti phethiphethi osalekeza, m'bokosimo mukumveka kukukuta, mbewa ikukana kusuntha, ndipo mwini wake amagamula kuti mwalowa virus kapena makina atha. Kawirikawiri makinawo amakhala ali bwinobwino. Zili ngati njinga ya kabaza imene mwaisenzetsa matumba 5 a chimanga: ikakana kukwera chitunda, wolakwa si njingayo.

Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba ali wophunzira ku Helsinki mu 1991, ili ndi ubwino woti aliyense amaloledwa kuiphwasula n'kuisonkhanitsanso mmene akufunira, ndipo pali anthu amene akhala zaka zambiri akuichepetsa thupi. Barry Kauler wa ku Australia anatulutsa Puppy Linux mu 2003. Iyi imadzikopera yonse mu RAM ikamayaka, moti imathamanga ngakhale hard disk ili yotopa kapena palibe n'komwe. Damn Small Linux yoyambirira inkakwana mu 50 MB. Tiny Core Linux ya Robert Shingledecker siifika ngakhale 30 MB, koma imabwera yopanda kanthu, ndipo munthu wongoyamba kumene angavutike nayo. Imene ikuyenera anthu ambiri ndi antiX, yomangidwa pa Linux ina yotchedwa Debian, yomwe eni ake amati imayenda ndi 256 MB. Chinsinsi chake si chozama ayi. Mapulogalamuwa amachotsa zokongoletsa monga mawindo oonekera mkati ndi zithunzi zouluka, amagwiritsa ntchito timapulogalamu ting'onoting'ono toyendetsa mawindo monga IceWM ndi JWM, ndipo salola zinthu zambiri kumayenda mobisika kumbuyo. Zotsatira zake n'zoti makina a 1 GB, amene pa Windows 7 ankayaka ali odzaza kale, amatsala ndi malo ambiri ogwirira ntchito. Ndiponso munthu angathe kuyesa zonsezi kuchokera pa fulashi asanakhudze chilichonse cha pa hard disk.

Kuika kwenikweniko kuli ndi timisampha take, ndipo pafupifupi tonse n'totchipa kuthana nato. Woika amayamba wakopera kwina mafayilo a mwini makina, chifukwa kuika pulogalamu yatsopano kungafufute zonse. Kenako amalemba Linux pa fulashi ndi kapulogalamu ngati Rufus kapena Ventoy, n'kudina F2, F12 kapena Delete makina akamayaka kuti awauze kuyambira pa fulashiyo. Makina akale kwambiri sadziwa kuyambira pa fulashi, ndiye pamafunika CD, kapena kapulogalamu kotchedwa Plop kamene kamawakakamiza kutero. Pa bolodi lalikulu la mkati pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Kakatha mphamvu, kompyuta imaiwala tsiku nthawi iliyonse ikazima n'kubwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo masamba otetezedwa a pa intaneti amakana kutseguka chifukwa zikalata zawo zachitetezo zimaoneka ngati za m'tsogolo. Anthu ataya makompyuta chifukwa cha kabatire kameneka, komwe kamapezeka kwa okonza mawotchi. Fumbi lounjikana pa fani limatenthetsa pulosesa mpaka makina kumadzizimitsa okha. Malaputopu ena, makamaka okhala ndi Wi-Fi ya Broadcom, amafuna kuti muyambe mwawalumikiza ndi chingwe kuti akatenge driver yake. Ndipo ngati pali ndalama pang'ono, kuwonjezera RAM yakaunjika kapena kuika SSD m'malo mwa hard disk kumasintha makina kuposa china chilichonse chimene pulogalamu ingachite.

Theka losiyidwa lija limaonekera munthu akangotsegula browser. Linux yopepuka imachepetsa katundu wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta, koma ilibe mphamvu pa intaneti, imene yanenepa zedi. Tsamba wamba la masiku ano limaposa 2 MB, ndipo zambiri mwa izo ndi zithunzi ndi malangizo a JavaScript amene kompyuta ya wowerengayo iyenera kuwagaya yokha. Firefox kapena Chrome ikatsegula masamba ochepa chabe imameza ma MB mazanamazana. Pa makina a 512 MB, Facebook, YouTube ndi WhatsApp Web zimakwawa kapena kukaniratu, kaya mwaikamo antiX kaya Puppy. Alipo ma browser opepuka monga Dillo ndi NetSurf, koma amapepuka chifukwa sachita zambiri zimene masamba atsopano amafuna; Wikipedia mungawerenge, koma fomu ya banki kapena yofunsira malo ku yunivesite simungadzaze. Komanso nthaka ikuchoka pansi pa makina a 32-bit. Google inasiya kupanga Chrome ya Linux ya 32-bit mu 2016, Ubuntu inasiya kutulutsa zoikira makina oterewa, Debian 13 yotuluka mu Ogasiti 2025 ilibenso choikira chake, ndipo Mozilla nayo inalengeza m'chaka chomwecho kuti Firefox ikutsata njira yomweyo. Aliyense wouza mphunzitsi wamkulu kuti Pentium 4 yake isanduka yatsopano akumukonzera zokhumudwitsa, ndipo akuipitsa mbiri ya chinthu chabwino.

Choncho funso loyamba lisakhale lakuti tiikemo Linux iti, likhale lakuti makinawa agwira ntchito yanji. Ntchito zosafuna intaneti zilipo zambiri, ndipo zambiri mwa izo ndi zomwe sukulu ndi ofesi yaing'ono zimafunadi. AbiWord imalemba makalata ndipo Gnumeric imawerengera masamu a m'matebulo pa makina ochepa mphamvu kwambiri. Pa 1 GB LibreOffice imayenda ndithu. Mwana amaphunzira kutayipa ndi Klavaro kapena Tux Typing, ndipo kuphunzira kulemba mapulogalamu ndi Python sikufuna makina amphamvu ngakhale pang'ono. Kiwix, yomwe inayamba mu 2007, imasunga Wikipedia yathunthu pa disk kuti iwerengedwe popanda bandulo. Kolibri, ya bungwe la Learning Equality, imaikidwa pa kompyuta imodzi yabwinoko n'kumagawira maphunziro ku makina ena onse a m'chipindamo kudzera pa zingwe. Umboni woti nzeru imeneyi imagwira ntchito uli ku Lilongwe konkuno. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anatenga timakina totchedwa I-Opener, timene tinalephera malonda ku America ndipo tinali ndi RAM ya 32 MB yokha, n'kutisintha kuti tizidinidwa ndi chala pagalasi, ndipo tinayamba kulembetsa odwala pa chipatala chimene lero ndi Kamuzu Central. Palibe amene ankayembekezera kuti timakinato tichite zonse. Tinapatsidwa ntchito imodzi, ndipo tinaigwira.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka, ndipo ya magetsi ndi yolemera ndithu. Kompyuta ya pa tebulo ya Pentium 4 yokhala ndi sikirini yachikale ya chimutu chachikulu imakoka mawati oposa 100, pamene laputopu imakoka ochepa kwambiri ndipo Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012, kamangonyambita mawati owerengeka. Pa sukulu yodalira sola, makina 20 a mtundu wakalewo amafuna mapanelo ndi mabatire amtengo woposa makinawo. Apa mfundo yotsutsayi yapambana, ndipo makina otere ndi bwino kuwapumitsa. Koma siigwira paliponse. Laputopu yakale siikoka magetsi ambiri, ndipo malipoti a makampani opanga malaputopu eni ake amaonetsa kuti gawo lalikulu la mpweya woipa wa moyo wonse wa laputopu limatuluka poipanga, osati poigwiritsa ntchito. Kuiwonjezera zaka 3 kapena 4 n'kopindulitsa thumba ndi chilengedwe chomwe.

Ena amaopa kuti nkhani ya Linux yopepuka ikupereka chonamizira kwa mayiko olemera kuti azititayira zinyalala zawo m'dzina la chithandizo. Manthawa ali ndi maziko. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 linapeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo zinali 22.3 peresenti yokha. Ku Agbogbloshie mumzinda wa Accra, achinyamata ankawotcha zingwe kuti apeze kopa, uku akupuma utsi wapoizoni, mpaka malowo anagwetsedwa mu 2021. Pangano la Basel la 1989 ndi la Bamako la 1991 anapangidwa kuti aletse malonda a zinyalala zoopsa, komatu kontena yolembedwa kuti ndi mphatso ya sukulu ndi yovuta kuibweza. Yankho lake ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimasokonezedwa. Kutalikitsa moyo wa makina amene ali kale m'chipinda chosungira katundu pa sukulu kumachepetsa zinyalala. Kulandira makina ena a 32-bit ndi 512 MB lero ndi kulandira zinyalala za mawa. Wolandira mphatso ali ndi ufulu wofunsa kuti makinawo akhale a 64-bit, a RAM yosachepera 4 GB, ndiponso oyesedwa asanapakidwe, ndipo makina otere amayendetsa Debian kapena Linux Mint yathunthu, browser ndi zonse, popanda kuchepetsa kanthu.

Mfundo imene imamveka kwambiri m'masukulu ndi yoti ana ayenera kuphunzira Windows ndi Microsoft Word chifukwa ndi zimene akazipeze ku ntchito. Koma wodziwa kusunga fayilo mu foda, kukonza ndime ndi kulemba fomula yophatikiza manambala amadziwa zimenezi paliponse. Word yeniyeniyo inasintha maonekedwe ake onse mu 2007 ndipo anthu anazolowera. Komanso tisadzinamize kuti pa makina a 1 GB tikusankha pakati pa Linux ndi Windows 11. Chimene chimakhalapo ndi XP kapena Windows 7 yokopera, yosalandira zokonza zachitetezo, imene fulashi iliyonse yolowamo imatuluka mafoda ake atasanduka ma shortcut. WannaCry itasokoneza zipatala za ku Britain mu Meyi 2017, inalowera pa bowo limene Microsoft inali itatseka kale pa makina olandira zokonza. Zovuta zenizeni za Linux zili kwina: chikalata cha Word chokhala ndi matebulo ambiri nthawi zina chimasokonekera mu LibreOffice, mapulinta ena alibe driver, ndipo mapulogalamu ena owerengera ndalama amayenda pa Windows pokha. Chachikulu pa zonse ndi kusowa kwa amisiri. Wokonza makompyuta wa pa msika anaphunzira ntchito yake pa Windows, ndipo akapatsidwa makina a Linux ovuta pang'ono, njira imene amaidziwa ndi kufufuta n'kubwezeretsa Windows yokopera. Chipinda cha makompyuta chodalira mphunzitsi mmodzi wokonda zimenezi chimatsekedwa iye akasamutsidwa. N'chifukwa chake sukulu kapena ofesi yofuna kuyesa njirayi iyenera kuika mtundu umodzi wa Linux pa makina ake onse m'malo mosakaniza, kusunga fulashi yoikira pamodzi ndi malangizo olembedwa papepala mu ofesi ya wamkulu, ndi kuonetsetsa kuti anthu osachepera awiri aika okha pulogalamuyo ndi manja awo, kuyambira pa kudina F12 mpaka kusindikiza tsamba loyamba, katswiri amene anabweretsa nzeruyo asanachoke.