Ndalama za geni ndi ndalama za pakhomo: tizilekanitsa bwanji?

Ambiri a ife m'madera a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Mangochi, Salima mpaka ku Nkhotakota, timadalira geni. Wina ali ndi chilimira, wina amapikula usipa kukagulitsa ku Limbe, wina ali ndi golosale pafupi ndi doko. Koma kawirikawiri ndalama ya geni ndi ya pakhomo zimagona m'thumba limodzi. Zotsatira zake mpamba umatha mwini wake osadziwa kumene wathera, ndipo ikafika nthawi yowerengera msonkho kapena zakaat timangoyerekeza.

Lamulo la msonkho la dziko lino, limene bungwe la MRA lakhala likuyendetsa kuyambira m'chaka cha 2000, limati wamalonda amene amakhoma msonkho pa phindu ayambe wachotsa ndalama zimene waononga poyendetsa geniyo. Komabe si ndalama iliyonse imene imachotsedwa. Iyenera kukhala yoonongedwa chifukwa cha geniyo basi, komanso yofunikadi kuti geniyo ibweretse ndalama. Zogulira pakhomo ndi za mwini wake sizichotsedwa. Funso loti tizidzifunsa ndi ili: kodi ndikanapanda kuchita geniyi, ndalama imeneyi ndikanaitulutsabe? Ngati yankho ndi lakuti inde, imeneyo ndi ya pakhomo.

Kwa mwini chilimira, petulo wa injini, malipiro a alovi, ulusi wosokera ukonde, kukonzetsa boti ndi chiphaso cha usodzi ndi za geni. Kwa wopikula nsomba, mtengo wa nsombazo, matumba, galimoto yonyamula, olongeza ndi chiphaso cha pamsika ndi za geni. Koma ufa, ndiwo, fizi ya ana, mankhwala a banja, zovala za Eid, futari ya m'mwezi wa Ramadhan ndi zokonzekera nikaah ndi za pakhomo, ngakhale ndalamayo itatuluka m'kabati ya m'golosale.

Tiyerekeze mayi amene wagulitsa usipa wa K2,400,000 pa mwezi. Anapikula ndi K1,500,000, galimoto inadya K200,000, matumba K40,000, olongeza ndi chiphaso cha pamsika K60,000. Zonse pamodzi ndi K1,800,000, choncho phindu lake ndi K600,000. Mwezi womwewo watengapo K350,000 ya chakudya ndi fizi. M'manja mwatsala K250,000, koma phindu lake likadali K600,000, chifukwa K350,000 ija ndi gawo la phindu limene wadya kale. Akalemba ndalama imeneyi ngati yoyendetsera geni ndiye kuti wanamiza boma, ndiponso wadzinamiza yekha poganiza kuti usipa sukupindulitsa.

Pali zinthu zitatu zimene zimasokoneza ambiri. Choyamba ndi katundu wogwira ntchito ziwiri. Njinga yamoto imene imanyamula katundu masiku 5 pa sabata, n'kumayendera za banja masiku 2, petulo wake tiyenera kumugawa motero, ndi kulemba ku geni gawo la masiku 5 okha. N'chimodzimodzi mayunitsi a foni, magetsi ndi lendi ya nyumba imene kumaso kuli sitolo, kuseri kukugona banja.

Chachiwiri ndi katundu wokhalitsa, monga injini, boti, filiji kapena galimoto. Ameneyu ndi wa geni ndithu, koma sawerengedwa ngati petulo amene amatha tsiku lomwelo. Lamulo lili ndi njira yakeyake yochotsera mtengo wake, kawirikawiri pang'onopang'ono chaka ndi chaka molingana ndi mtundu wa katunduyo. Tisunge lisiti yake bwino, ndipo tifunse ku ofesi ya MRA mlingo woyenera.

Chachitatu ndi zimene timatapa tokha. Sopo, shuga kapena mbale ya utaka yopita kukhitchini zimaoneka zazing'ono, koma akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Tizilembe pa tsamba la zimene mwini watenga. Mphwathu amene amagulitsadi m'sitolo ndi kulandira malipiro, malipiro akewo ndi a geni. Koma ndalama yothandizira m'bale amene sagwira ntchito pamenepo ndi chithandizo cha pachibale.

Tikudziwa kuti kuyambira m'chaka cha 2021 mageni ang'onoang'ono amakhoma msonkho wokhazikika molingana ndi kuchuluka kwa zimene agulitsa pa chaka, popanda kuchotsa zoonongedwa. Ngakhale zili choncho kulemba n'kofunikabe, pakuti ndi kabuku komweko kamene kamasonyeza gulu limene geni yathu ili, ndiponso geni ikakula tidzafunika kuonetsa malisiti.

Kwa Msilamu nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Ndime yaitali koposa m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 m'Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Zakaat ya malonda ndi 2.5 peresenti ya katundu wogulitsa ndi ndalama zimene tili nazo, zikafika pa nisaab ndi kukwanitsa chaka cha Chisilamu. Boti, injini ndi mashelefu siziwerengedwa. Munthu amene sadziwa malire a chuma cha geni yake angapereke bwanji gawo la osauka molondola? Zakaat yomweyo ndi swadaqa ndi ibaada ya mwini chuma, kotero sitizilemba pamodzi ndi petulo ndi matumba. Ndipo ngati mpamba tinasonkherana ndi mnzathu, kudya za pakhomo m'dzina la geni ndi kuphwanya amaana, popeza tikudya gawo lake iye osadziwa.

Tsono tiyambe sabata ino. Tigule kope, tiligawe pawiri: mbali ina za geni, mbali ina za pakhomo. Tilembe madzulo aliwonse tisanaiwale. Pamene palibe lisiti, monga pogula nsomba padoko, tilembe tsiku, kuchuluka kwake ndi mtengo. Tidziikire ndalama yokhazikika yotenga pa sabata, ndipo ngati n'kotheka ndalama ya geni ikhale pa nambala ya foni kapena akaunti yakeyake. Tikatero, nyengo yotseka nyanja ndi masiku a mwera zidzatipeza mpamba uli wathunthu.

Allah atidalitsire rizq lathu, alichite kukhala la halaal, ndipo atiteteze ku chinyengo m'malonda. Ameen.