Zotola m'gombe la nyanja: zina ndi zinyalala, zina ndi umboni

Anthu a kuno kumtunda amene amapita ku Beira kapena ku Quelimane kukagula nsomba zouma ndi mchere amabwerako ndi nkhani zambiri za nyanja yamchere. Imodzi mwa nkhanizo ndi ya zinthu zimene madzi amalavula usiku. M'mawa madzi akaphwa, pamchenga pamatsala mabotolo, mapatapata a mwendo umodzi, zingwe ndi zidutswa za maukonde. Izi aliyense amazidziwa. Koma pakati pa zinyalalazo pamapezekanso zinthu zapulasitiki zachilendo, zoti munthu amangoima n'kumazitembenuza ndi ndodo.

Mantha amenewa si oseketsa ayi. Nkhondo itatha mu 1992 tonse tinaphunzitsidwa kuti chinthu chosadziwika sachigwira, ndipo panatenga mpaka 2015 kuti boma lilengeze kuti ntchito yochotsa mabomba okwirira yatha. Komabe zambiri mwa zinthu za m'gombezi zili ndi kwawo ndiponso eni ake, ndipo munthu wodekha akhoza kuzilondola.

Tiyambe ndi zosavuta. Pali timikanda toyera, tating'ono ngati njere za mapira, timene ena amayesa mazira a nsomba. Ameneyu ndi pulasitiki wosaumba, amene mafakitale amasungunula popanga ndowa, mapaipi ndi mabotolo. Pa 10 Okutobala 2017 chimphepo chinaomba doko la Durban ku South Africa, makontena anagwera m'madzi, ndipo matani pafupifupi 49 a timikandati anamwazika m'nyanja. Kuipa kwake n'koti nsomba ndi mbalame zimatimeza poyesa chakudya, pamene kutola timikanda mumchenga ndi ntchito yosatha.

Palinso chinthu chobulungira ngati beseni lovundikira, chokhala ndi sola pamwamba ndi nambala pambali. Ichi ndicho chimaopsa anthu kwambiri, koma ndi chida cha zombo zikuluzikulu zopha nsomba za tuna. Nsombazi zimakonda kusonkhana pansi pa chinthu choyandama, choncho eni zombo amaponya ziphaka m'nyanja n'kumangirirapo chidachi kuti chiziwauza kudzera pa setilaiti pamene chiphaka chafika. Chikatengedwa ndi madzi n'kupita kutali, ambiri amangochisiya, mpaka chimakatsakamira pagombe la anthu amene sanadyeko n'komwe nsombazo.

Zina zimatenga zaka kuti zidziwike. Ku Brittany, m'dziko la France, kuyambira m'ma 1980 anthu ankatola zidutswa za matelefoni oumbidwa ngati mphaka wa m'zithunzi zoseketsa wotchedwa Garfield. Chaka ndi chaka maso a mphaka, zingwe ndi mitu zinkabwera, osadziwika kochokera. Mu Malichi 2019 mlimi wina wa m'deralo anakumbukira chimphepo cha kalekale, ndipo anatsogolera gulu loyeretsa gombe la Ar Viltansoù kuphanga lina lolowereka pokhapokha madzi akaphwa kwambiri. M'menemo anapezamo zotsala za kontena imene inkalavula matelefoniwo kwa zaka zoposa 30.

Koma nkhani imene yatichititsa kulemba zonsezi inachitikira m'dziko lathu lomwe lino, ndipo si yoseketsa.

Pa 8 Malichi 2014 ndege ya Malaysia Airlines, ulendo wa MH370, inanyamuka ku Kuala Lumpur kupita ku Beijing itanyamula anthu 239, ndipo inasowa. Akatswiri anaona kuti inakhota n'kulowera kumwera kwa nyanja ya Indian Ocean, kutali kumadzulo kwa Australia. Zombo zinasakasaka pansi pa nyanja koma osapeza kanthu. Kwa miyezi 16 abale a anthuwo analibe ngakhale kachitsulo koti aloze.

Choyamba chinapezeka pa 29 Julaye 2015 pachilumba cha Réunion, kum'mawa kwa Madagascar. Anthu oyeretsa gombe anaona chidutswa cha phiko chomatidwa ndi tinkhono ta m'nyanja. Anachitumiza ku Toulouse ku France, ndipo nambala yopezeka m'kati mwake inatsimikiza kuti ndi cha ndege yosowayo.

Kenaka inafika nthawi ya Mozambiki. Mu Disembala 2015 mnyamata wina wa ku South Africa, amene anabwera ndi makolo ake kutchuthi kugombe la kumwera kwa dziko lathu, anatola chidutswa chopindika cholembedwa 676EB. Anapita nacho kwawo n'kungochisunga. Chakumapeto kwa Febuluwale 2016, Blaine Gibson, loya wa ku America amene ankayenda m'magombe pa ndalama zake kufunafuna zidutswa za ndegeyo, anakwera bwato ku Vilankulo kupita pamchenga wina wa pakati pa madzi. Kumeneko kunapezeka chidutswa cha makona atatu cholembedwa mawu a Chingerezi akuti NO STEP, kutanthauza kuti osaponda apa. Anachipereka ku ofesi ya boma yoona za ndege ku Maputo. Mnyamata uja atamva nkhaniyi anakumbukira chidutswa chake, ndipo banja lake linadziwitsa akuluakulu.

Owerenga ena afunsa kuti chidutswa cha ndege chingayandame bwanji. Mbali zambiri za ndege zamakono si zachitsulo. Zimapangidwa ndi pulasitiki wolimba wosakaniza ndi ulusi, ndipo m'kati mwake mumakhala timabowo ngati zisa za njuchi. N'chifukwa chake n'zopepuka, ndipo n'chifukwa chakenso munthu wosadziwa akhoza kuziyesa chidutswa cha bwato kapena cha filiji yakale. Madzi a nyanjayi ali ndi njira zake ngati mitsinje. Njira yaikulu imayenda kuchoka kum'mawa kubwera kumadzulo, n'kugawikana ikafika pa Madagascar, ndipo ena mwa madziwo amalowa pakati pa chilumbacho ndi gombe lathu.

Zidutswa ziwirizi zinatumizidwa ku Canberra ku Australia, kumene bungwe lofufuza ngozi la ATSB linaziyeza. Apa ndiye pali chodabwitsa. Nambala ya 676EB inasonyeza kuti chidutswacho ndi chophimba cha kunsi kwa phiko lamanja la ndege ya mtundu wa Boeing 777. Chinacho chinali cha phiko laling'ono la kumchira. Koma ndege za mtundu umenewu zilipo zambiri, ndiye akanadziwa bwanji kuti ndi yomweyo? Chinawathandiza ndi kalembedwe ka zilembo. Anapeza kuti maonekedwe a zilembozo si amene Boeing amalemba kufakitale, koma ndi amene Malaysia Airlines inkagwiritsa ntchito popentanso ndege zake. Monga mmene mayi amazindikirira dengu lake pamsika poona kamsoko kamene anasoka yekha, akatswiriwo anazindikira ndege poona dzanja la wopenta. Mu Epulo 2016 analengeza kuti n'zosakayikitsa kwenikweni kuti zidutswa zonse ziwiri ndi za MH370.

Tangoganizani chidutswacho chikanagwa m'manja mwa munthu wofuna chotchingira khola la nkhuku. Akanapala utoto, n'kudula mbali yolembedwayo poti ikusokoneza, ndipo umboni ukanathera pomwepo. Ife sitikumunena munthu wotero, pakuti kwathu kuno chinthu cholimba sachitaya. Koma phindu la chidutswa chotere lili pa zilembo, pa malo amene chapezeka ndi pa tsiku. Asayansi a bungwe la CSIRO ku Australia anatenga malo ndi masiku amenewa n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo mmene madzi ndi mphepo zinayendera, kuti aloze dera limene ndegeyo iyenera kuti inagwera. Ntchito yoyamba yosaka pansi pa nyanja, imene inayenda dera la masikweya kilomita 120,000, inaimitsidwa mu Januwale 2017 osapeza thupi la ndegeyo. Chimene dziko linagwira m'manja pa nthawiyo ndi zokhazo zotoledwa m'magombe a Réunion, Mozambiki, South Africa, Mauritius, Tanzania ndi Madagascar.

Choncho inu abale amene mumapita kunyanja pa malonda, kapena amene muli ndi ana okhala ku Sofala, Zambézia ndi Inhambane, auzeni izi. Mgolo wotseka, chitini chonunkha mankhwala kapena chinthu chooneka ngati chida cha nkhondo, chisiyeni pomwepo ndipo kauzeni apolisi. Koma chinthu chopepuka chokhala ndi nambala kapena zilembo, makamaka cha timabowo ngati zisa za njuchi, musachipale, musachitsuke ndipo musachotse tinkhono take, pakuti natonso timathandiza kudziwa madzi amene chadutsamo. Chijambuleni pafoni mbali zonse chisanasunthidwe, sungani tsiku ndi dzina la malo, kenaka kauzeni a ofesi yoona za panyanja.

Pempho limeneli si lathu lokha. Mu Disembala 2016 ena mwa abale a anthu 239 aja anapita okha ku Madagascar. Anayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja akugawa timapepala tokhala ndi zithunzi za zidutswa za ndege, kupempha asodzi kuti akaona chotere asachitaye.