Pamene Khalidwe la Bambo Lisintha Mosadziwika Bwino

Kumapiri a Dedza, cha ku Bembeke ndi ku Chongoni, munthu wa zaka 50 amakhala adakali ndi mphamvu. Amalima mbatata ya kachewere, amaweruza nkhani za pabanja, mwinanso ndi mkulu wa mpingo. Nchifukwa chake mudzi umazizwa bambo wotere akayamba kuseka pamaliro, kutukwana apongozi, kapena kutola chitumbuwa pamsika osalipira nkumadya poyera wopanda manyazi. Ena amati wayamba kachasu mobisa, ena amati analakwitsa chizimba pokhwimira chuma. Komatu njira ya kumunda akuidziwa, ndipo maina a ana sanaiwale.

Pali matenda a ubongo amene amayamba motere. Madokotala amawatcha frontotemporal dementia, chifukwa amawononga mbali ya ubongo ya kumphumi ndi ya m'mbali cha kumakutu. Dokotala Arnold Pick wa ku Prague ndiye anayamba kuwalongosola m'chaka cha 1892. Kawirikawiri amagwira anthu a zaka za pakati pa 45 ndi 65, ndipo m'mabanja ena amayenda m'magazi. Sapatsirana ayi.

Ubongo uli ngati midzi yambiri yolumikizidwa ndi njira. Timinyewa ta mu ubongo sitikhudzana kwenikweni. Pakati pake pali kampata, ndipo uthenga umawoloka pamenepo utanyamulidwa ndi timadzi tapadera, monga amachitira mthenga wa mfumu powoloka mtsinje wa Linthipe. M'matendawa, mapuloteni ena otchedwa tau ndi TDP-43 amaundana m'timinyewa mpaka timafa. Timadzi totchedwa serotonin, tothandiza munthu kudziletsa, timachepa mphamvu, chimodzimodzinso dopamine, wopatsa munthu chidwi chogwira ntchito. Njira zimene zimayamba kuduka ndi zija zouza munthu kuti ichi nchochititsa manyazi, uyu wakhumudwa, apa nkofunika kudziletsa. Mudzi wa chikumbumtima ndi mudzi wa zochita sumvananso. Choncho wodwala sachita mwadala, ndipo nthawi zambiri sazindikira nkomwe kuti wasintha. Kumukalipira kuli ngati kukuwira munthu ali tsidya lina madzi atasefukira.

Ena sachita zachipongwe, amangokhala phee pakhonde tsiku lonse, osasamba, osafunsa ngakhale za mwana wodwala. Ena amakonda zotsekemera mopitirira, amatha shuga wa mwezi m'masiku ochepa. Kwa enanso chimayamba kusowa ndi mawu: khasu ali nalo m'manja koma dzina lake lawathawa.

Matendawa ndi osiyana ndi a Alzheimer, amene amayamba ndi kuiwala. Kusiyanaku nkofunika, popeza mankhwala a Alzheimer, monga donepezil, amawonjezera timadzi tina totchedwa acetylcholine, timene m'matenda ano sitichepa kwambiri. Motero sathandiza, ndipo wina angamuwonjezere kusakhazikika. Mankhwala ochiziratu sanapezeke, koma ena owonjezera mphamvu ya serotonin amachepetsako kudya kosaletseka ndi kubwerezabwereza zinthu. Amenewa alembedwe ndi dokotala, asagulidwe pamsika.

Banja lisazengereze kupita naye kuchipatala. Chindoko chokhalitsa, kachilombo ka HIV, mowa ndi vuto la chithokomiro zimasinthanso khalidwe la munthu, ndipo zimenezi zili ndi mankhwala ake. Woperekeza akhale munthu amene amagona naye nyumba imodzi, pakuti wodwalayo adzauza adokotala kuti ali bwinobwino. Chipatala chaching'ono chimatumiza ku Chipatala cha Boma cha Dedza, ndipo pakafunika kuona akatswiri, wodwala amapita ku Lilongwe kapena ku Zomba Mental Hospital.

Kunyumba, ndalama za mbatata asunge mayi kapena mwana wodalirika. Chakudya chigawidwe m'mbale yakeyake ndipo shuga abisidwe. M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha ku Dedza chimaluma, asasiyidwe yekha pafupi ndi mbaula, ndipo usiku chitseko chitsekedwe bwino. Mayi wosamalira naye amatopa. Achibale ndi a mpingo azimulandirako.

Nyakwawa iuzidwe msanga, khadi la kuchipatala lili m'manja, anthu asanayambe kuloza zala. Lamulo la m'chaka cha 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti m'Malawi muno, ndipo wochita zimenezi angathe kuimbidwa mlandu kukhoti.