Chilembo chachikulu chimanena chiyani za mwini dzina?

M'magulu ena a pa intaneti olankhula Chingerezi, momwe akuluakulu awiri amagwirizana mwa kufuna kwawo kuti mmodzi azilamula ndipo mnzake azimvera, chilembo choyamba cha dzina chili ndi ntchito yake. Wolamula amayamba dzina lake ndi chilembo chachikulu, womvera ndi chaching'ono, mpaka ena amalemba i m'malo mwa I. Potchula onse awiri pamodzi amalemba W/we. Komatu si onse amatsata mwambowu, ndiye wongoona dzina n'kuweruza amaphonya. Mlembi wa ku America, bell hooks, naye ankalemba dzina lake ndi zilembo zazing'ono, koma iye ankafuna kuti anthu aziika mtima pa zolemba zake osati pa iyeyo.

Tiyeni tibwere nayo kwathu nkhaniyi. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zolemba za Chingerezi zofotokoza malowa zimatchula alenje akale omwe anajambula zofiira zija kuti BaTwa, ife timati Akafula. T wamkuluyo sakupereka ulemu ayi, akungoonetsa pomwe tsinde la mawu layambira. N'chimodzimodzi ndi chiChewa m'mabuku ena akale, kapena ciNyanja ku Zambia. Malamulo a kalembedwe a Chichewa Board, omwe anayamba kutuluka mu 1973, ndiwo anatizoloweretsa kulemba Chichewa.

Ine ndimaona kuti ulemu wathu wagona m'kachilembo kakang'ono kwambiri, a. Timalemba "a Phiri abwera", a wake wamng'ono, woima payekha, ndipo mneni naye amatsatira. Muchotseni, mulembe "PHIRI wabwera", zilembo zonse zikuluzikulu: mwamuitana mkulu uja ngati kamwana basi. Pomwe mwana wolemba pa WhatsApp mothamanga kuti "aphiri mwadzuka bwanji" walakwitsa kalembedwe, koma mwano palibe.

Pa dzina lenilenilo, china mungathe kuchidziwa. Nabanda, Naphiri kapena Nangozo ndi mayi, ndipo mfunda wake mwaumva kale. Koma Chisomo, Chikondi ndi Mphatso? Mayina amenewa ndi a anyamata ndi atsikana omwe, ndiye musafulumire kulemba kuti "achemwali" musanafunse.