Zipangizo zozizira koposa zofufuzira kuunika kwakale kwa m'mlengalenga

Anthu a ku Chipata ndi Tamanda amene anali ndi mawailesi a kanema akale adzakumbuka timadontho tothwanima tomwe tinali kuoneka siteshoni ikatseka. Akatswiri a sayansi amanena kuti kagawo kocepa ka timadonthoto kanali kucokera ku kuunika kwakale kwambiri, kumene kunayamba ulendo wake zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo.

Kuunikaku sikuoneka ndi maso. Arno Penzias ndi Robert Wilson a ku America analengeza za iko mu 1965.

Cimene akatswiri afunitsitsa tsopano ndi kudziwa mbali imene mafunde ake amagwedezekera, monga momwe cingwe cingagwedezekere cokwera ndi kutsika kapena cam'mbali. Iwo amacha zimenezi polarization. Ngati apeza mafunde opotana mwa mtundu wina, udzakhala umboni wakuti cilengedwe cinafutukuka mofulumira zedi pa ciyambi peni-peni.

Bvuto ndi lakuti cizindikiroci n'cofooka. Kuunikaku n'kozizira kufika madigiri 270 pansi pa ziro, conco copimira ciyenera kuzizira kuposa pamenepo. Ndiponso cinyezi ca mumpweya cimasokoneza, n'cifukwa cake zipangizo zimatumizidwa kutali ndi dziko.

Mu 2009 bungwe la European Space Agency linatumiza setilaiti ya Planck pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni. Inanyamula timakina tochedwa bolometer, tomwe timatenthako pang'ono kuunika kukatigunda. Tina tinaikidwa tiwiri-tiwiri mopingasana, kuti kalikonse kagwire mafunde a mbali imodzi. Tinaziziritsidwa kufika pa madigiri 273 pansi pa ziro. Mpweya woziziritsa utatha mu 2012, timakinato tinaleka kugwira nchito.

Pali msampha wina. Mu 2014 gulu la BICEP2, lopimira ku South Pole, linalengeza kuti lapeza mafunde opotana aja. Mu 2015, zopima za Planck zinaonetsa kuti fumbi la mu mlalang'amba wathu ndilo linawasokoneza.

Pofuna kupewa zotere, cipangizo ca C-BASS cinaikidwa ku Karoo m'dziko la South Africa kuti cipime mafunde osokoneza ocokera mu mlalang'ambawu. Nalo dziko la Japan mu 2019 linasankha kupanga setilaiti ya LiteBIRD, yodzanyamula timakina zikwi zingapo, kuti ikapitirize kufufuzaku.